Kuyendetsa snowmobile m'njira za chipale ku Ontario: malangizo kwa woyamba kumene

Kumpoto kwa chigawo cha Ontario, m'dziko la Canada, chipale chofewa chimakuta nthaka kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, ndipo m'madera a Timmins, Cochrane ndi Kapuskasing kawirikawiri chimakhalapobe mpaka mu Epulo. M'miyezi imeneyi anthu amayenda m'nkhalango, m'minda ndi pamwamba pa nyanja zoundana atakwera snowmobile, galimoto yaing'ono yopanda matayala, yomwe kutsogolo ili ndi ma ski awiri owongolera, omwe ndi zinthu zazitali zathyathyathya zotsetsereka pachipale, pamene kumbuyo ili ndi lamba wotakata wa mphira wokhala ndi mano, amene amagwira chipale n'kukankhira makina onse patsogolo. Amene anaitchukitsa ndi Joseph-Armand Bombardier wa m'tauni ya Valcourt ku Quebec, yemwe mwana wake anamwalira m'nyengo yachisanu ya 1934 misewu yopita kuchipatala itatsekeka ndi chipale. Mu 1959 iye anayamba kugulitsa snowmobile yaing'ono ya dzina la Ski-Doo, kholo la zimene zikuyenda lero.

Malangizowa ndi a munthu amene wafika ku Canada kudzagwira ntchito, kudzaphunzira kapena kudzacheza, ndipo anzake amuitana kuti akayese ulendo wa pachipale. Kuyendetsa kwenikweniko munthu amakudziwa m'kanthawi kochepa. Chimene chimatenga nthawi kuchimvetsa n'chakuti dera loyera mbee limene mukuliona si tchire lopanda mwini, ndipo njira imene yaikidwa zizindikiro ndiyo yokha imene anthu ena anaiyendera, kuipempha kwa eni malo ndi kuiyesa inu musanafike.

Choyamba, dziwani eni ake a njira

Njira za snowmobile ku Ontario zimaposa makilomita 30,000, ndipo zili m'manja mwa bungwe la Ontario Federation of Snowmobile Clubs, lodziwika mwachidule kuti OFSC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967 ndipo limasonkhanitsa makalabu a m'madera. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka a m'makalabuwo. Chipale chisanagwe amadula mitengo imene yagwera m'njira, amakonza timilatho ta pamifuleni ndi kuzika zikwangwani, ndipo chikagwa amayendetsa mathirakitala akuluakulu amene amachitsendereza ndi kuchisalaza kuti chilimbe, makamaka usiku pamene kwazizira kwambiri ndipo oyenda ndi ochepa.

Mbali yaikulu ya njirazi, makamaka kum'mwera ndi pakati pa chigawochi, imadutsa m'malo a anthu wamba, alimi ndi eni nkhalango, amene amalola kalabu kudutsitsa njira m'kamzere kamodzi kokha ka malo awo. Chilolezo chimenechi ndi cha ufulu wa mwini malo, ndipo akhoza kuchibweza tsiku lililonse. Mlimi amene anadzala tirigu wa m'nyengo yachisanu amadalira chipale chofewa kuti chifunditse mbewu zake. Snowmobile ikachoka m'njira n'kukazungulira m'mundamo imatsendereza chipalecho, chisanu chimalowa mpaka pansi, ndipo mbewu zimafa. Mlimi wotere akatseka chipata chake, sikuti patayika kamtunda kochepa chabe ayi, koma matauni awiri akhoza kulekana nyengo yonse chifukwa njira yowalumikiza yaduka pakati. Ine ndimaona kuti woyendetsa amene amalambalala zikhomo zosonyeza njira pofuna chipale chosapondedwa amalakwira anthu ambiri kuposa mmene iye akuganizira, kuyambira mlimi mpaka mwini kanyumba kodyera amene amadalira apaulendowo kuti adye m'nyengo yachisanu.

M'mawa wa tsiku la ulendo, tsegulani mapu a bungweli a pa intaneti otchedwa Interactive Trail Guide, kapena pulogalamu yawo ya pafoni ya Go Snowmobiling Ontario. Njira yolembedwa mobiriwira ndi yotsegula. Yachikasu ndi yotsegula koma pali zofunika kusamala nazo, monga chipale chochepa kapena miyala yoonekera. Yofiira ndi yotseka, ndipo kulowamo kumawerengedwa ngati kulowa pamalo a mwini popanda chilolezo. Mitundu imeneyi imasintha msanga, chifukwa mvula ya usiku umodzi kapena kufunda kwa masiku awiri n'kokwanira kutseketsa dera lonse, choncho zimene munaona dzulo musazidalire lero. Njira zikuluzikulu zolumikiza madera, zotchedwa TOP, zimadziwika ndi zilembo monga A, B, C ndi D, pamene za makalabu zili ndi manambala awoawo. Lembani pa pepala zilembo ndi manambala a njira zimene mudutse, chifukwa batire ya foni imatha mofulumira pozizira ndipo m'nkhalango zambiri mulibe netiweki.

Chachiwiri, konzani mapepala

Lamulo la chigawochi loona za ma snowmobile, Motorized Snow Vehicles Act, limafuna kuti mukhale ndi zinthu zinayi: laisensi yoyendetsera galimoto, umboni woti snowmobile inalembetsedwa kuboma, umboni wa inshuwalansi, ndi chiphaso cha njira. Amene alibe laisensi ya galimoto akhoza kuchita maphunziro n'kupeza laisensi yapadera ya snowmobile kuyambira ali ndi zaka 12, koma sangadutse kapena kuyenda m'mbali mwa msewu wa magalimoto mpaka atakwanitsa zaka 16. Chiphaso cha njira chimagulidwa pa intaneti kudzera ku OFSC, chimalembedwa pa snowmobile imodzi osati pa munthu, ndipo chimamatidwa kutsogolo pamalo oonekera. Pali cha nyengo yonse, chimene chimatchipa mukachigula msanga mu Okutobala, ndiponso cha masiku ochepa. Ndalama za ziphaso zimenezi ndizo zimagula mafuta a mathirakitala osalaza njira aja. Apolisi a Ontario Provincial Police amayendanso pa ma snowmobile m'njira zomwezo ndipo amaimitsa anthu kuti aone mapepala.

Kwa woyamba kumene, nzeru yabwino ndi kubwereka snowmobile kwa makampani obwereketsa, amene ndi ambiri m'madera a Muskoka ndi Haliburton, ndi kupita ndi wolondolera amene amadziwa deralo. Musanasaine, funsani momveka bwino ngati chiphaso cha njira chili kale pa snowmobile, ndiponso kuti ikawonongeka ndi ndalama zingati zimene mudzalipire nokha inshuwalansi isanalowererepo.

Za mowa ndinene mosabisa. Malamulo a Canada oletsa kuyendetsa utaledzera amagwira ntchito pa snowmobile chimodzimodzi ndi pa galimoto, ngakhale muli pakati pa nyanja youndana. Munthu akapezeka wolakwa amalandidwa ufulu woyendetsa galimoto ya mtundu uliwonse kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, ndipo kuyambira mu Disembala 2018 mlandu umenewu ukhoza kusokoneza mapepala a munthu amene si nzika okhalira m'dzikolo. Mowa umanyenganso thupi, chifukwa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kwa m'kati kukutayika.

Chachitatu, valani moganizira mphepo

Kuzizira kumene mumamva mutaima si kumene mudzamve mukuyenda. Kunja kukakhala madigiri 20 pansi pa ziro ndipo inu mukuthamanga makilomita 50 pa ola, khungu limamva ngati madigiri 35 pansi pa ziro, ndipo pamlingo umenewo malo osaphimbika akhoza kuundana m'mphindi 10 mpaka 30. Kafukufuku wochitidwa pakati pa asilikali a ku Britain ndi ku United States anasonyeza kuti anthu ochokera ku Africa amavulala ndi chisanu m'manja ndi m'mapazi mosavuta kusiyana ndi anzawo, choncho musachite manyazi kuvala kwambiri kapena kupempha kuti gulu liime kuti muothe.

Valani zovala zosanjikiza zitatu. Cham'kati, chokhudza khungu, chikhale cha ubweya wa nkhosa kapena cha ulusi wopangidwa kufakitale umene umatulutsa thukuta. Cha thonje chisiyeni kunyumba, chifukwa thonje likanyowa limasunga madzi pathupi n'kukuzizirani tsiku lonse, ndipo izi zikukhudza jinzi, malaya am'kati ndi masokosi omwe. Chapakati chikhale chofunda koma chopepuka, ndipo chakunja chikhale jekete ndi thalauzi zosalowa mphepo kapena madzi. Ngati ulendo udutsa panyanja, funani suti imene imayandamitsa munthu m'madzi. Majombo akhale opereka mpata woti zala zizigwedezeka, popeza nsapato yothina imatsekereza magazi ndipo phazi limazizira msanga ngakhale mutavala masokosi atatu. Chisoti ndi lamulo kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe. Sankhani chophimba nkhope yonse, chokhala ndi galasi losanjikiza kawiri kapena lotenthetsedwa ndi magetsi kuti mpweya wanu usachititse nkhungu, ndipo m'kati mwake muvale chinsalu chophimba mutu, khosi ndi chibwano. Kampata kakang'ono pakati pa chisoti ndi kolala ndi komwe anthu ambiri amavulalira.

Pakhungu lakuda, kuundana sikuoneka msanga. M'malo moyera mbuu, malowo amatuwa kapena amangooneka ofiirira mosiyana ndi pena, amalimba, ndipo amachita dzanzi. Kusiya kumva ululu ndi chizindikiro choipa, osati chabwino. Nthawi iliyonse mukaima, yang'ananani masaya, mphuno ndi makutu. Malo oundanawo musawatikite, musawapake chipale, ndipo musawayandikizitse ku injini kapena kumoto. Afunditseni ndi dzanja, m'khwapa kapena m'madzi ofunda pang'ono, kenako pitani kuchipatala ngati atuluka matuza kapena dzanzi silikutha.

Chachinayi, yenderani makina musanalize injini

Dziwani kaye zinthu zinayi pa chiwongolero. Kudzanja lamanja kuli kachitsulo ka moto kamene mumakanikiza ndi chala chachikulu, komanso batani lofiira lozimitsira injini mwadzidzidzi. Kudzanja lamanzere kuli buleki. Chachinayi ndi kachingwe kamene mbali imodzi imalumikizidwa ku snowmobile ndipo ina mumaimangirira ku jekete lanu, kuti mukagwa kazuke n'kuzimitsa injini. Popanda iko makina olemera makilogalamu oposa 200 akhoza kupitirira okha mpaka kukagunda munthu kapena mtengo.

Injini isanalire, kanikizani kachitsulo ka moto kangapo n'kukasiya, kuti muone ngati kakubwerera kokha, chifukwa madzi akaundana m'nthambo yake kakhoza kukakamira ndipo snowmobile idzalumpha injini ikangolira. Gwirani buleki muone ngati ikulimba. Onani petulo, oyilo, madzi oziziritsa injini, nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo. Gwedezani ma ski ndipo nyamulani pang'ono mbali yakumbuyo n'kuigwetsa, kuti ngati zinamatirira pansi usiku zimasuke. Kuyesa kunyamuka lamba atamatirira kumapsereza lamba wamng'ono wa injini. Lizani injini muli panja, osati m'galaja yotseka momwe utsi wake umapha mwakachetechete, ndipo muilole itenthe kwa mphindi zingapo. Pasakhale munthu woima kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni.

Mu kachikwama ka kumbuyo mukhale lamba wa injini wapadera, mapulagi, zipangizo zomangira, chingwe chokokera, fosholo yaing'ono, tochi, machesi osanyowa, bokosi la chithandizo choyamba, magolovesi ena ouma, chakudya ndi chakumwa chotentha. Thanki ya snowmobile zambiri imalowa malita pafupifupi 40, koma mafuta amatha mofulumira m'chipale chakuya kusiyana ndi panjira yosalala, ndipo kumpoto malo omwetsera mafuta amatalikirana kwambiri. Thirani paliponse pamene mwapeza mpata thanki ikafika pakati.

Chachisanu, phunzirani pamalo athyathyathya

Snowmobile ilibe magiya osintha ndi dzanja kapena phazi. Mukakanikiza kachitsulo ka moto, injini imayamba yakwera kaye kulira osasuntha, kenako lamba amagwira ndipo mumanyamuka. Oyamba kumene amadabwa ndi kuchedwa kumeneku n'kukanikiza kwambiri, ndipo makina amawatsomphoka. Kanikizani pang'onopang'ono mpaka mutamva kugwira, yendani mamita ochepa, siyani, imani, ndipo bwerezani kufikira chala chitazolowera. Vuto lina loopsa ndi lakuti munthu akachita mantha amafinya chiwongolero ndi manja onse, ndipo potero chala chachikulu chimawonjezera moto m'malo mouchepetsa. Dziphunzitseni kuti pakachitika chodzidzimutsa chala chichoke kaye pa kachitsuloko.

Khalani pansi, mapazi onse ali pa zopondapo, ndipo asachokepo ngakhale mukuona ngati mukugwa. Phazi likatsika likhoza kukodwa pansi pa makina kapena kugunda chitsa chobisika. Pokhota, chepetsani liwiro musanalowe m'kona, sendezerani thupi patsogolo ndi kumbali imene mukukhoterako, kuti ski ya m'kati isanyamuke. Kumbukirani kuti ma ski amawongolera pokhapokha atalemedwa, ndipo mukawonjezera moto kulemera kumathawira kumbuyo, ma ski amapepuka, snowmobile n'kupita molunjika ngakhale mwapotoza chiwongolero. Anthu ambiri amene amagunda mitengo ya m'makona amagunda mwanjira imeneyi. Pokwera chitunda weramirani patsogolo ndipo musasiye moto pakati. Potsika khalani cham'mbuyo, yambani pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, ndipo buleki muziigwira ndi kuisiya mobwerezabwereza, chifukwa mukaifinya kamodzi lamba amauma n'kuyamba kutsetsereka ndipo kumbuyo kumakhotera kutsogolo. Podutsa m'mbali mwa phiri pendekerani kumtunda.

Buleki imagwira lamba wakumbuyo yekha, ndipo pachipale cholimba kapena pamadzi oundana mtunda woimira ndi wautali kuposa mmene munthu wozolowera phula angaganizire. Liwiro lololedwa m'njira za ku Ontario ndi makilomita 50 pa ola, pamene ku Quebec ndi 70. Makina ambiri amatha kuthamanga kuwirikiza kawiri pamenepo, koma njira sinakonzedwere liwiro lotero, ndipo m'nkhalango mukhoza kukumana ndi gwape, nyama yaikulu ya mtundu wa gwape yotchedwa moose, kapena thirakitala yosalaza njira imene yadzaza mpata wonse. Mukakumana ndi thirakitala, ipatseni njira ndinu.

Pali chinthu chimodzi chimene ife ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, ngakhalenso amene akhala ku Britain, tiyenera kuchisamala mwapadera. Kwathu timayenda kumanzere, koma ku Canada amayenda kumanja, ndipo njira ya chipale ilibe mzere wapakati wokukumbutsani. Pa ngozi yodzidzimutsa dzanja limathawira kumene linazolowera. Khalani kumanja nthawi zonse, makamaka m'makona osaonekera kutsogolo ndi pamwamba pa zitunda, ndipo muzidzikumbutsa mwadala nthawi iliyonse mukanyamuka pamene munaima.

Chachisanu ndi chimodzi, yendani pagulu

Musayende nokha. Uzani munthu wotsala kunyumba njira imene mudutse ndi nthawi imene mubwerere. Pagulu, wodziwa kwambiri atsogole, wina wodziwa atsekere kumbuyo, ndipo oyamba kumene akhale pakati, motalikirana mokwanira kuti fumbi la chipale la wakutsogolo lisakuphimbeni m'maso. Aliyense ali ndi udindo pa amene akumutsatira: pamphambano iliyonse dikirani mpaka mutamuona kuti waona kumene mwakhotera. Zizindikiro zimaperekedwa ndi dzanja lamanzere. Kuliimika m'mwamba ndiko kuima, kulitambasulira kumbali ndiko kukhotera kumanzere, kulipinda pachigongono zala zili m'mwamba ndiko kukhotera kumanja, ndipo kulikweza ndi kulitsitsa cham'mbali ndiko kuchepetsa liwiro. Ngati kuchotsa dzanja pa chiwongolero kukuchititsani kupepesuka, gwirani chiwongolero ndi manja onse ndipo chizindikiro chisiyeni. Poima, sankhani malo owongoka oonekera kutali, kumanja kwenikweni, mondondozana.

Podutsa msewu wa magalimoto imani kotheratu, yang'anani mbali zonse, ndipo dutsani molunjika mmodzimmodzi, aliyense atadziyang'anira yekha osati kungotsatira mnzake. Paphula ma ski sawongolera bwino, choncho lunjikitsani makina musanalowe. Kuyenda m'misewu ikuluikulu ya manambala a 400 n'koletsedwa, ndipo pa njanji dutsani pokhapokha pamene paikidwa chizindikiro.

Chachisanu ndi chiwiri, madzi oundana

Pano ndi pamene pafunika kudekha kwambiri, chifukwa kumira ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha oyendetsa ma snowmobile chaka ndi chaka. Nyanja youndana imakopa: ndi yosalala, yotambalala, ndipo imaoneka ngati chidule cha ulendo. Bungwe la Canadian Red Cross limalangiza kuti madzi oundana akhale okhuthala masentimita 25 kuti anyamule snowmobile, koma muyeso umenewu ndi wa madzi oundana oonekera bwino, obiriwira ngati galasi. Oyera, amene anapangika ndi chipale chonyowa, mphamvu yake ndi pafupifupi theka, ndipo otuwa ali ndi madzi m'kati ndipo sayenera kupondedwa n'komwe. Vuto ndi lakuti zonsezi zimabisika pansi pa chipale, ndipo chipalecho chimafunditsa nyanja kuti isaundane mokwanira. Nyanja imodzi yomweyo ikhoza kukhala yokhuthala pagombe lina n'kukhala yopyapyala mamita ochepa kuchokera pamenepo. Malo oopsa kwambiri ndi pamene madzi akuyenda pansi: pamene mtsinje ukulowa kapena kutuluka m'nyanja, pampata wopapatiza pakati pa zilumba, pansi pa milatho, pafupi ndi madamu a magetsi, ndi pafupi ndi madoko pomwe eni ake amaika makina otakasa madzi kuti asaundane.

Pa 21 Januwale 2020, gulu la alendo 8 ochokera ku France linali paulendo ndi wolondolera wawo m'dera la nyanja ya Lac Saint-Jean ku Quebec. Kutada, gululo linachoka m'njira yoikidwa zizindikiro n'kulowera chakumene nyanjayo imatulukira kupita mumtsinje wa Saguenay, pamalo otchedwa Grande Décharge, pomwe madzi amathamanga pansi nyengo yonse. Madzi oundana anaswekera pansi pawo, ndipo wolondolerayo pamodzi ndi alendo 5 anamwalira. Ngoziyi inachititsa boma la Quebec kukhwimitsa malamulo ake, kuphatikizapo maphunziro a olondolera alendo. Chimene woyamba kumene ayenera kutolapo n'chakuti ngakhale pali wotsogolera, ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene gulu likusiyira zikhomo, ndiponso wokana kutsatira.

Pamene njira ya kalabu imadutsa panyanja, anthu a kalabuyo amaboola n'kuyesa kukhuthala kwake, kenako amazika mzere wa zikhomo kuchokera gombe lina kufika lina. Ngati zikhomo palibe, ndiye kuti sanatsegule kapena azichotsa dala, ndipo mapazi a snowmobile ina si umboni wa chilichonse. Tsatirani mzerewo pafupi, pa liwiro losasinthasintha, motalikirana, osaima pakati. Mukalowa m'chipale chosakanikirana ndi madzi ndipo makina ayamba kulemera, musasiye moto mwadzidzidzi, pitirirani mpaka pouma. Usiku pewani nyanja kotheratu ngati n'kotheka, chifukwa pa liwiro lalikulu mumafika pamadzi osaundana nyali isanakuonetseni nthawi yokwanira kuima.

Zikachitika kuti mwagweramo, kumbukirani manambala atatu a Gordon Giesbrecht, katswiri wa pa University of Manitoba amene anafufuza kwa zaka zambiri mmene thupi limachitira m'madzi ozizira: 1, 10, 1. Mphindi imodzi yoyamba mpweya umabanika ndipo munthu amapuma mwabefu mosadziletsa. Ntchito yanu pamenepo ndi kusunga mutu pamwamba ndi kukhazikitsa kapumidwe, osati kulimbana. Mukatero muli ndi mphindi pafupifupi 10 zimene manja ndi miyendo zikugwirabe ntchito, ndipo pamatenga pafupifupi ola limodzi kuti kuzizira kukukomoleni. Tembenukirani kumene munachokera, chifukwa kumeneko ndiko kunakunyamulani, ikani mikono pamwamba pa madzi oundana, menyani miyendo mpaka thupi litagona chopingasa, ndipo dzikokeni ndi timisomali tokwawira timene muyenera kuvala pakhosi kunja kwa jekete, osati m'chikwama. Mukatuluka musaimirire, gubuduzikani mpaka mutatalikira. Wopulumutsa mnzake asathamangire pabowo, koma aimbe 911, nambala yoitanira thandizo pangozi, agone chafufumimba patali, n'kuponya chingwe.

Mukatitimira kapena makina akafa

Kutitimira m'chipale chakuya kumachitikira aliyense amene waphonya m'mphepete mwa njira. Musapitirize kuwonjezera moto, chifukwa lamba amangokumba dzenje n'kukhazika mimba ya makina pansi. Zimitsani injini, chotsani chipale kutsogolo ndi pansi, pondani kanjira kolimba kutsogolo kwa ma ski, ndipo mothandizana nyamulani mbali yakumbuyo kuichotsa m'dzenje n'kuiika pambali pake. Kenako nyamukani pang'onopang'ono mutaimirira. Vulani chisoti ndi kumasula jekete pogwira ntchitoyi ndipo muzipumira, popeza thukuta limene mutuluke ndilo lidzakuzizireni mukayambanso kuyenda, komanso kunyamula zolemera pozizira kumalemetsa mtima.

Nyali ya kutentha kwa injini ikayaka, kawirikawiri chifukwa chake ndi njira yolimba kwambiri. Ma snowmobile ambiri amaziziritsa injini ndi chipale chimene lamba amawaza pansi pa mpando, ndipo chipale chomwecho ndicho chimafewetsa timizere ta pulasitiki timene lamba amatsetserekapo. Panjira youndana gwa kapena pamsewu wopanda chipale zonsezi zimatentha. Imani, thirani chipale pa zopondapo ndi pa lamba, dikirani, ndipo poyenda muzipondako m'mphepete mwa njira momwe chipale chili chofewa. Makina akaferatu kutali ndi anthu, khalani pafupi nawo ndi panjira, kolezani moto ngati mungathe, ndipo musayambe kuyenda wapansi m'chipale chakuya. Mtunda umene snowmobile yayenda m'theka la ola munthu sangaumalize tsiku lonse, ndipo mu Januwale dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko madzulo.

Mukafika kumene munanyamukira, chotsani chipale chimene chaunjikana m'kati mwa lamba ndi m'zitsulo zakumbuyo chisanaundane usiku, dzazani thanki, ndipo dziwitsani munthu uja munamuuza za ulendo kuti mwabwerako. Vulani masokosi muone zala za kumapazi. Ngati panjira munaona mtengo wogwa, chikwangwani chothyoka, chipata chowonongeka kapena madzi otuluka pamzere wa zikhomo, uzani kalabu ya deralo tsiku lomwelo, ndipo mutchule chilembo kapena nambala ya njira pamodzi ndi mphambano imene ili pafupi, kuti otumidwa kukakonza asavutike kupapeza.